Tsiku lomwe Chiparamba yonse inasamukira ku Lusaka

Loweruka lapitali tinakhala pansi anthu anayi ndi laputopu imodzi kuti tiike makasitomala athu pa mapu. Timanyamula katundu pa njinga zamoto pakati pa Chipata ndi Chiparamba, ndipo tatopa kuimba foni kasanu kufunsa kuti, "Muli pati kodi, amayi?" Maina tinali nawo kale mu Excel, aliyense ndi postcode yomwe anatipatsa. Tinalumikiza mndandandawo ndi tebulo la ma postcode mu database, n'kutsegula QGIS.

Timadontho pafupifupi tonse tinaunjikana ku Lusaka, makilomita oposa 500 kuchokera kuno.

Chifukwa chake ndi 10101. Iyi ndi nambala ya Lusaka, koma aliyense wa ife anailembapo pa fomu ya pa intaneti yomwe imakana kupita patsogolo popanda postcode. Makasitomala anachita zomwe ife timachita. Ena analemba nambala ya bokosi la ku positi, zija za ku Chipata zoyamba ndi 510. Izo zili ndi manambala 6, pomwe postcode ili ndi 5. Komanso bokosi limanena komwe kalata ikudikira, osati komwe munthu amagona. Bokosi limodzi la sukulu kapena la tchalitchi limalandira makalata a mudzi wonse.

Kenako dzina. Ena analemba Chiparamba, ena Chipalamba. Pakamwa ndi chimodzi, koma kompyuta imaona midzi iwiri. Pa boma napo tinakangana: ena analemba Chipata monga mwa kale, ena Kasenengwa, lomwe linakhala boma palokha mu 2018.

Cholakwa chimodzi chinali chathu. Malo ochepa tinali titawatenga kale ndi GPS ya foni. Chipata ili pafupi ndi 13.6 kum'mwera kwa equator, ndiye nambalayo imafuna minus kutsogolo. Mmodzi wa ife, poyeretsa tebulo, anachotsa ma minus onse poganiza kuti ndi zinyalala. Agogo omwe timawatengera mankhwala a BP mwezi uliwonse anapezeka ku Sudan. Tinaseka, koma tikanapatsa mapuwo mnyamata watsopano, mankhwala sakanafika tsiku limenelo.

Tikudziwa kuti ZICTA ili ndi pulojekiti ya maadiresi ndi ma postcode a dziko lonse. Nambala zathu zikadzafika tidzazilandira, ndipo malo ake mu tebulo tawasiya. Pakadali pano tafufuta 10101 paliponse pomwe munthu sakhala ku Lusaka. Bola pakhale popanda kanthu kusiyana ndi bodza looneka bwino.

Tawonjezeranso malo ena olembamo momwe anthu amalondolera: "mukapitirira chigayo, nyumba ya malata pa mtengo wa mango." Mnzathu wina amati zimenezi si data. Tinamuuza kuti Lolemba atenge njinga ndi foni akayambe kutenga GPS khomo ndi khomo, ndipo khomo loyamba adzalipeza ndi chigayo chomwecho.