Amayi Awiri, Dzina Limodzi

Kwathu kuno ku Neno anthu ndi ambiri, koma mayina ndi owerengeka. Ukaitana "a Phiri" pamsika, amacheuka anthu asanu. Nchifukwa chake ine ndimati powerenga nyuzipepala tiziwerenga dzina lonse.

Taonani amayi awiri otchedwa Joyce. Oyamba ndiwo a Joyce Banda, amene adalamulira dziko lino kuyambira 2012 kufikira 2014. Olemba nkhani akunja ankachita kufotokoza kuti mayiwa sali pachibale ndi Kamuzu Banda. Achiwiri ndiwo a Joyce Mhango Chavula, opanga mafilimu, ntchito imene ambiri ankaiyesa ya amuna okha. Filimu yawo yotchedwa Lilongwe idalandira mphotho ya Africa Magic ku Lagos m'chaka cha 2016, popambana mafilimu ena a kummwera kwa Afrika.

Kumudzi mkazi timamutcha mkazi wa uje kapena make uje, ndipo dzina lake limabisala ngati mbatata m'nthumbira. Tsono mayi akagwira ntchito yooneka, si bwino kuti ulemu wake upite kwa wina. Inu amene mwayamba kuwerenga, musalekeze dzina panjira. Liwerengeni kufikira chilembo chotsiriza, kuti amene adakhetsa thukuta ndiye ayamikidwe.