Mlandu wa azakhali pamtondo

Kwathu n'kwa Wimbe, ku Kasungu. Ukatchula dzinali m'tauni muno, anthu amakumbuka William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ndi makina ake amphepo aja. Ine ndimakumbuka fungo la fodya m'zigafa ndi kugunda kwa minsi m'bandakucha.

Chilimwe chathachi ndinabwerera kumudzi ndi laputopu yobwereka. Ndinasonkhanitsa achinyamata angapo kuti tiphunzire chimene a m'masitudiyo amati kusampula: kudula kachidutswa ka nyimbo yakale, kukabwerezabwereza pakompyuta, n'kukayala pamwamba pa biti yatsopano.

Si ife tinayamba zimenezi. Mu 1950 ndi 1958 Hugh Tracey anayendera Nyasaland akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Mu 2016 oimba akunja anazisampula m'chimbale cha Beating Heart Malawi. Ndinafunsa anyamata aja: ngati alendo akuvinira mawu a makolo athu, eni akefe tikudikira chiyani?

Wina anati tiyambe ndi nyimbo za gule wamkulu, popeza ngakhale UNESCO inamulemekeza mu 2005. Mnzake wometa anangoti, "Zakudambwe saulula." Nkhani inathera pomwepo. Tinatembenukira ku nyimbo za pamtondo, poganiza kuti zimenezo zilibe mwini.

Ndinapita kwa azakhali. Mtondo wawo unali gone kuseri kwa khitchini, nkhuku ikuikiramo mazira, pakuti masiku ano chimanga chimapita kuchigayo. Anaupukuta, naitana mnzawo, nayamba kusinja uku akuimba. Nyimboyo inatenga mphindi zinayi. Ife tinadulapo timasekondi tochepa, pamene mawu akukwera ndi munsi ukugwa, n'kuikapo biti. Inakoma zedi. Anyamata anavina mpaka batire kutha.

M'mawa mwake ndinakawamvetsera azakhali, mtima uli m'mwamba. Anamvetsera mpaka kumapeto osagwedeza ngakhale mutu.

"Mawuwo ndi anga," anatero. "Nanga mlandu wanga mwausiya kuti, iwe?"

Ndi pamene ndinamva chiyambi chake. Nyimboyo anaipeka okha chaka chimene amuna awo, malemu tsopano, anaperekeza mabelo ku okushoni ya ku Kanengo n'kubwerako patatha miyezi iwiri ndi wailesi ndi jekete basi. Anafesa nawo, kuwokera nawo, kusoka nawo fodyayo, koma kufunsa za ndalama pamaso pa mwamuna kunali kovuta. Pamtondo ndi pamene panali bwalo la amayi. Anaimba m'mawa uliwonse mpaka mudzi wonse unamva, ankhoswe n'kuitanitsa nkhaniyo.

Manyazi anandigwira. Ine wa dipuloma, amene ndimalemba ndakatulo zodandaula za ogula fodya, ndinachita zomwezo: kusankha tsamba lokongola, lotsalalo n'kuliponya pambali, mtengo n'kudziikira ndekha. Dandaulo la mayi ndinalisandutsa chovinira pabawa.

Tinaiyambanso. Tsopano nyimboyo imayamba ndi mawu a azakhali onse, opanda biti, munsi wokha ukuyankha. Dzina lawo ndilo loyamba, ndipo tinagwirizana kuti tikadzailembetsa ku COSOMA, iwo ndiwo mpeki. Lamulo la gulu lathu linakhala limodzi: usanadule nyimbo, funsa mwini wake chimene chinamuimbitsa.

Lamuloli linabala zina. Mtsikana wina anakafunsa agogo ake, ndipo anamuimbira m'Chilomwe. Iye ankadziyesa Mchewa weniweni, osadziwa kuti agogowo anachoka ku Mulanje kudzagwira utenanti m'maesiteti a kuno. Anabwera ndi foni yake akulira, kenaka akuseka, nati tonse tiphunzire mawuwo.

Tsiku lobwerera kutauni, azakhali anandipatsa kafoni kawo kuti ndiwaikiremo nyimboyo. Ndamva kuti akabwera abale a malemu amuna awo kudzacheza, amawayalira mphasa, kuwapatsa madzi, n'kuitsegula mokweza.