Mayi Bennet tinali nawo m'minibasi

Ndiye tangodutsa pa Silverest kulowera ku Chongwe, amayi awiri kumbuyo kwangaku ayambapo kudya miseche. Akuti mwana wa mnzawo wakana bwana wa famu ndi magalimoto awiri, wasankha kamphunzitsi kongomaliza kumene pa Chalimbana. Wina amvekere, "Chikondicho adzadyera nsima?" Basi yonse kufa nako kuseka.

Ine m'mutu mwangobwera Mayi Bennet a m'buku la Jane Austen lija, Pride and Prejudice, la mu 1813. Ana aakazi asanu, wamwamuna palibe, ndipo bambo akadzangotsinzina, nyumba ndi minda zonse n'za Collins, wachibale wa kuchimuna. Tili pasukulu tinkawaseka amayiwo kuti ndi olongolola. Pano ndikuwamvetsa. Ankaopa kutsala padzuwa ndi ana, zimene amasiye athu kuno akuzidziwa bwino.

Komatu Austen naye ngochenjera. Elizabeth, mmodzi wa ana aja, anakana Collins, anakananso Darcy ulendo woyamba, ife m'manja phwaphwaphwa. Nanga pomaliza anakwatiwa ndi yani? Darcy yemweyo, wa mapaundi 10,000 pachaka! Mnzake wa Elizabeth, Charlotte, wa zaka 27, anangotola Collins wokanidwa uja kuti apeze pogona, ndiye amene timamunena.

Ndatsika pa msika ndisanamve kuti mphunzitsiyo amutchulira lobola ya zingati.

Inu anzanga, atakhala mwana wanu, mungamuuze kuti chiyani? Famu kapena choko?