Madala anga pa Likoma

Anyamata, iyi muwerenge mpaka kumapeto. Mu July ndinatenga mayi akunyumba, tiana tathu tiwiri ndi madala anga, tinakwera Ilala wa ku Likoma. Anawo anakondwa: mchenga, milambe, chitchalitchi chija cha St Peter's. Koma madala? Anazolowera pa Mbenji ndi chilimira, kukhala pachilumba manja lende kunawasowetsa mtendere. Mbandakucha ali kale kugombe, kusuzumira ngati mwera ukubwera.

Tsiku lachitatu kamdzukulu kanawakoka dzanja: "Agogo, tiyeni tikasambire." Analowa, n'kumaseka ngati mwana. Ine misozi inalengeza.

Kwa makolo athuwa nyanja ndi munda basi. Usipa ukaphedwa bwino, sungani kangachepe, muwatengeko akadali ndi mphamvu.