Golide amasungunuka, pepala limatsala

Mwezi wathawu ndinakacheza ku Wallace Collection, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa London momwe ndimagwira ntchito. Ndinaima nthawi yaitali pa timabokosi tagolide tosungiramo fodya wofwenkha, tochokera ku France m'zaka za m'ma 1700. Tina n'tochepa moti n'kubisika m'chikhatho, koma pachivindikiro pali maluwa, masamba ndi zigoba za nkhono zopindikapindika.

Kakongoletsedwe kotere kamatchedwa rococo, ndipo kanatchuka mu ulamuliro wa Mfumu Louis XV. Mmodzi mwa akatswiri ake anali Juste-Aurèle Meissonnier, wosula golide amene anabadwira ku Turin mu 1695 ndi kumwalira ku Paris mu 1750. Iye ankayamba wajambula papepala: timabokosi ta fodya, zoikapo makandulo, mitu ya ndodo, mbale zasiliva. Sankafuna kuti mbali ziwiri za chinthu zifanane. Mzere uliwonse unkakhota ngati funde.

Zambiri zimene anasula zinatha kalekale. Masiku amenewo siliva ndi golide zinali ndalama, ndipo mu 1759 mfumu inapempha anthu kuti apereke ziwiya zawo zasiliva zikasungunulidwe pofuna kulipirira nkhondo. Lero Meissonnier timamudziwa makamaka chifukwa zojambula zake zinasindikizidwa, amisiri a m'mayiko ena n'kumatengerapo nzeru.

Nditawerenga zimenezi mtima unandipweteka. Malemu bambo anga anali kalipentala ku Zomba. Asanagwire sowo, ankajambula mpando kapena kabati m'kope la sukulu, pensulo ili kukhutu. Makope otere analipo asanu ndi limodzi. Titawaika m'manda, ine ndinasunga nyundo ndi mpini wa sowo, makopewo ndinawasiya pakhonde ndipo ana anayatsira mbaula. Ndinkati ndi mapepala chabe. Mipando ija chiswe chikuimaliza, ndipo mdzukulu wawo amene akuphunzira ukalipentala alibe poonera momwe agogo ake ankaganizira.

Inu amene muli ndi kholo losoka, losema kapena losula zitini, funsani komwe limalemba miyezo ndi zojambula zake. Jambulani ndi foni, makopewo muike m'sutikesi momwe mumasunga zikalata za malo. Ine ndinazindikira mochedwa, nditaima patsogolo pa kabokosi ka fodya kudziko la eni.