Mchenga Ulipo, Malo Ndiwo Akusowa

Ku Masiphumelele, pakati pa Fish Hoek ndi Kommetjie mumzinda wa Cape Town, tinyumba ta malata ndi matabwa tathithikana mpaka m'dambo. Mu Disembala 2020 moto unapsereza nyumba zoposa 1,000 kumeneko.

Chikhalirecho, njira ina yomangira inayesedwa kale mumzinda womwewu. Ku Freedom Park, ku Mitchells Plain, katswiri wa mapulani a nyumba, Luyanda Mpahlwa, anakonza nyumba za matumba a mchenga osanja pakati pa mizati n'kumata pulasitala. Ntchitoyi inapata mphoto mu 2008.

Mchenga supsa, ndiponso sulowetsa kutentha msanga. Komatu khoma lolemera chotere limafuna nthaka youma ndi malo ovomerezeka. Anthu a m'dambo la Masiphumelele akusowa zimenezi.