Za Mayambidwe a Masewera a Chess

Ife aphunzitsi tidziwa ana amene aloweza mau osamva tanthauzo lace. Nthenda yomweyi iripo pa masewera a chess, amene anthu awiri asewera pa thabwa la mabwalo 64, yense ndi ankhondo ace 16. Pa mipikisano yolowa ali yense, kumene wophunzira angakomane ndi katswiri tsiku loyamba lomwe, ambiri afika ataloweza mayambidwe, monga aja a Ruy López, wansembe wa ku Spain amene analemba buku lace m'caka ca 1561. Kuloweza sitikukana ai. Koma za m'buku zikatha, munthu atsala yekha ndi mutu wace.

M'caka ca 1980, pa mpikisano wa maiko a ku Ulaya ku Skara, m'dziko la Sweden, Tony Miles wa ku England anakomana ndi Anatoly Karpov, ngwazi ya dziko lonse masiku amenewo. Karpov atayamba monga mwa mwambo, Miles anangosuntha kamsilikali ka m'mphepete phazi limodzi, cinthu cimene akatswiri anacipeputsa. Ngwazi ija inagonja. Mayambidwe amenewo achedwa St George, ndipo lero alipo ena amene awaloweza.